Buku la zakuthambo limakalamba: poyambira pofufuza za nyenyezi

Ntchito yanga ndi ya m'laibulale, ndipo munthu akabwera kudzafunsa mabuku a nyenyezi, ndimayamba ndamufunsa kuti akufuna nyenyezi zake ziti. Sikuti ndimafuna kumuvutitsa ayi. Pa Chingerezi pali mawu awiri ofanana ngati mapasa, astronomy ndi astrology. Oyambawo ndi sayansi ya zakuthambo, pomwe achiwiriwo ndi zolosera tsogolo la munthu poona mwezi umene anabadwa. M'malaibulale osanja mabuku potsatira manambala a Dewey, awiriwa anawatalikitsa: sayansi ili pa 520, zolosera zili kutali pa 133.5. Koma pa intaneti palibe wowalekanitsa, ndiye mukaphonya zilembo zochepa chabe mudzapezeka mukuwerenga za mwayi wanu wa sabata ino.

Pa shelefupo, 522 ndi za matelesikopu ndi zipangizo zina, ndipo 523 ndi za Dzuwa, Mwezi, mapulaneti, nyenyezi ndi milalang'amba. Malaibulale ambiri a m'mayunivesite amatsatira dongosolo la Library of Congress, ndipo kumeneko muzifuna zilembo QB.

Mukalitenga bukulo, musathamangire zithunzi. Tembenuzani tsamba loyamba muone chaka chimene linasindikizidwa. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Buku lotuluka mu 1990 lidzakuuzani kuti mapulaneti ozungulira Dzuwa alipo 9, pomwe bungwe la International Astronomical Union linachotsa Pluto pa gulu limeneli mu 2006, pa msonkhano wake ku Prague. Silidzatchula pulaneti ngakhale limodzi lozungulira nyenyezi ina yonga Dzuwa lathu, chifukwa loyamba analipeza Michel Mayor ndi Didier Queloz mu 1995, ndipo pofika mu 2022 mapulaneti otsimikizika a kunja kwa banja la Dzuwa anali atapitirira 5,000. Silidzadziwanso zimene zinatulukira mu 1998, zoti chilengedwe chikufutukuka mothamangirathamangira m'malo mochepetsa liwiro.

Komatu sindikunena kuti buku lakale mulitaye. Chifukwa chimene kadamsana amachitikira, mmene Mwezi umasinthira maonekedwe, malamulo a Kepler onena za kayendedwe ka mapulaneti: zimenezi sizinasinthe, ndipo mabuku ena akale amazifotokoza bwino kuposa atsopano. Zimene zimakalamba msanga ndi ziwerengero komanso mawu akuti "chachikulu kuposa zonse" kapena "chakutali kwambiri". Mukawaona mawu otere, kaonetsetseni kwina.

Kwa woyamba kumene, ndimalangiza buku lophunzirira, osati nkhani za akatswiri. Pali lina laulere lotchedwa Astronomy, lofalitsidwa ndi OpenStax ya ku Rice University, limene mungalikopere pa foni kapena pa kompyuta n'kumaliwerenga popanda intaneti. Phindu lake lalikulu n'lakuti limakupatsani mawu ofufuzira. Kafukufuku wambiri wa zakuthambo amalembedwa m'Chingerezi, choncho wosadziwa kuti kuphulika kwa nyenyezi yaikulu amakutcha supernova adzangozungulirazungulira ngati wosochera m'nkhalango.

Mukafuna kudziwa zimene akatswiri eni ake alemba, khomo lake ndi Astrophysics Data System, imene ambiri amangoti ADS. Imayendetsedwa ndi Smithsonian Astrophysical Observatory ndi thandizo la NASA, ndipo ndi yaulere. Muli mndandanda wa nkhani mamiliyoni ambiri, kuphatikizapo masamba ojambulidwa a magazini akalekale. Chimene ine ndimaikondera n'chakuti nkhani iliyonse imaonetsa mbali ziwiri: nkhani zimene mlembi anadalira, ndi nkhani za ena amene anadzamutchula pambuyo pake. Mbali yachiwiriyi anthu amaiiwala, chonsecho ndi imene imakuuzani ngati mfundo ya mu 2010 idakaimabe kapena anzake anaigwetsa kalekale. Langizo langa n'lakuti muziyamba ndi nkhani zounika mutu wonse, monga za mu Annual Review of Astronomy and Astrophysics. Mlembi amakhala atawerenga kale nkhani mazanamazana m'malo mwanu.

Nthawi zina mudzapeza nkhani yotsekedwa, yofuna kulipira. Musafulumire kugwa mphwayi. Akatswiri ambiri a zakuthambo amaika zolemba zawo pa arXiv, malo aulere amene Paul Ginsparg anayambitsa mu 1991, ndipo gawo la zakuthambo kumeneko limatchedwa astro-ph. Chenjezo n'lakuti zoikidwa pa arXiv sizikhala kuti zonse zaunikidwa ndi akatswiri anzawo. Onani ngati pansi pa mutu alembapo dzina la magazini imene inavomereza nkhaniyo. Zinthu zapepukanso masiku ano, popeza The Astrophysical Journal inayamba kutulutsa nkhani zake kwaulere mu 2022, ndipo Monthly Notices of the Royal Astronomical Society inatsatira mu 2024.

Vuto lina limene limadabwitsa ongoyamba ndi maina. Chinthu chimodzi kuthamboko chimatha kukhala ndi maina ambirimbiri, malinga ndi kaundula amene anachilemba. Mlalang'amba wa Andromeda ndi womwewo M31, ndi womwewonso NGC 224. Wofufuza ndi dzina limodzi amaphonya zolembedwa pansi pa maina enawo. Mankhwala ake ndi SIMBAD, nkhokwe ya ku Strasbourg ku France: mukalemba dzina lililonse, imakupatsani maina ena onse, malo a chinthucho kuthambo, ndi nkhani zimene zinachitchula. Dziwani kuti SIMBAD ndi ya zinthu za kunja kwa banja la Dzuwa. Za mapulaneti ndi nyenyezi za mchira, pitani pa tsamba la Horizons la Jet Propulsion Laboratory ya NASA.

Ngati funso lanu n'lakuti chowala kwambiri chija munachiona kumadzulo dzuwa litangolowa n'chiyani, zonsezi n'zosafunika. Ikani Stellarium, pulogalamu yaulere yoonetsa thambo la malo alionse pa tsiku ndi ola limene mwasankha. Kawirikawiri yankho limakhala Venus kapena Jupiter.

Nanga zimene zimayenda pa Facebook ndi WhatsApp? Pali uthenga wina umene unayamba mu 2003, chaka chimene Mars anayandikira kwambiri dziko lathu, wonena kuti pulanetili lidzaoneka lalikulu ngati Mwezi. Bodza limeneli lakhala likubwerera chaka ndi chaka, ndipo anthu ophunzira bwino andibweretsera kuti ndiwatsimikizire. Ndimangowatsegulira tsamba la NASA kapena la European Space Agency, tione limodzi ngati nkhaniyo ilipo.

Chinthu chimodzi ndimaumirira kwa aliyense wolemba lipoti: pambali pa chiwerengero chilichonse, lembani kumene mwachitenga ndi tsiku limene mwachiona. Mabuku a m'ma 1990 ankati pulaneti la Saturn lili ndi miyezi 18 yolizungulira. Mu March 2025 analengeza miyezi ina 128 nthawi imodzi, yonse pamodzi n'kufika 274, ndipo matelesikopu akadali kusakasaka.