Sikirini ikamaonetsa zakale chifukwa cha null

Amene anagwiritsapo ntchito Excel amadziwa kale maziko a reactive programming, ngakhale dzinalo sanalimvepo. Mukasintha nambala m'bokosi limodzi, chiwerengero cha pansi chimasinthira pomwepo osachiuza. Mapulogalamu ambiri a pa foni ndi pa kompyuta amamangidwa choncho: sikirini imatchera khutu ku deta, ndipo deta ikasintha, nayo imasintha. Njirayi inafala kwambiri Microsoft itatulutsa zida za olemba mapulogalamu zotchedwa Reactive Extensions mu 2009, ntchito ya Erik Meijer ndi anzake.

Zinthu zimayamba kuvuta pamene chomwe mukulondalonda chili m'kati mwa china, chinacho chilinso m'kati mwa china. Tiyerekeze pulogalamu ya m'sitolo. Pali kasitomala amene wasankhidwa, kasitomalayo ali ndi adiresi, adiresiyo ili ndi tauni. Mu ReactiveUI, laibulale (zida zolembedwa kale) ya olemba mapulogalamu m'chinenero cha C#, mzere umodzi umakwana: WhenAnyValue(x => x.Kasitomala.Adiresi.Tauni). Mzerewu sumvetsera tauni yokha ayi. Umamvetsera zonse zitatu, ndipo kasitomala akasintha, umasiya adiresi yakale n'kuyamba kulondola yatsopano.

Nanga wogulitsa akachotsa kasitomalayo osasankha wina? Pamalo pake pamatsala null, chizindikiro choti palibe kanthu. Tony Hoare, amene anachiika m'chinenero cha ALGOL W mu 1965, ananena pa msonkhano ku London mu 2009 kuti kumeneko kunali kulakwitsa kwa madola biliyoni, poti kufunsa adiresi ya munthu amene kulibe kumagwetsa pulogalamu. ReactiveUI imapewa kugwako m'njira yosavuta: pakati pa unyolo wa kasitomala, adiresi ndi tauni pakakhala null, simatumiza uthenga uliwonse. Imangodikira mpaka unyolowo utalumikizananso.

Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Pulogalamu sinagwe, palibe uthenga wofiira, koma sikirini ikuonetsabe tauni ya kasitomala amene anachoka kalekale, chifukwa palibe anaiuza kuti ifufute. Kwa ine vuto lotere ndi loipa kuposa kugwa kwa pulogalamu. Ikagwa, aliyense amaona ndipo wina amakonza tsiku lomwelo. Ikangokhala duu, wogulitsa amakhulupirira zomwe akuona n'kulemba tauni yolakwika pa katundu. Onaninso kuti null ikakhala kumapeto, kutanthauza kuti adiresi ilipo koma tauni sinalembedwe, uthenga umafika bwinobwino. Null ya pakati yokha ndiyo imamezedwa.

Woyamba kumene ntchitoyi amathamangira ?., kachizindikiro kamene kanabwera ndi C# 6 mu 2015 kothandiza kudumpha null. Pano sikaloledwa. WhenAnyValue imalandira mzerewo ngati expression tree, ndiye kuti imauphwasula kuti ione mayina a zinthu zoti izimvetsera, ndipo compiler, pulogalamu yomasulira zomwe mwalemba kuti kompyuta izimve, imakana kachizindikiroka m'menemo.

Chomwe chimagwira ntchito ndi kudula unyolo. Mumayamba mwamvetsera kasitomala yekha. Akakhalapo, mumatsegula mtsinje (njira yodutsa mauthenga motsatizana) wachiwiri womvetsera adiresi yake, ndipo akakhala null mumatumiza dala uthenga woti palibe tauni. Kenako chida chotchedwa Switch chimaonetsetsa kuti mtsinje waposachedwa wokha ndiwo ukumveka, wakale watsekedwa. Kuiwala Switch n'kugwiritsa SelectMany, yomwe imasiya mitsinje yonse yotsegula, kumabweretsa zachilendo: kasitomala wadzulo akasintha adiresi, tauni yake imatulukira pa sikirini ya kasitomala walero. A RxJS ndi RxJava, malaibulale otere a zinenero za JavaScript ndi Java, chida chonga Switch amachitcha switchMap, a chinenero cha Kotlin amati flatMapLatest.

Anthu a RxJava anaona kuti ndi bwino kungotseka khomo. Kuyambira mu RxJava 2, yomwe inatuluka mu 2016, null siloledwa m'pang'ono pomwe kuyenda mu mtsinje, ndipo mukaiyesa mumalandira uthenga wa cholakwika wotchedwa NullPointerException. Ambiri anadandaula posamuka kuchoka ku yakale, koma lamulolo limakakamiza wolemba pulogalamu kukulunga kusowako mu Optional, kabokosi kokhala ndi chinthu kapena kopanda kanthu, kapena m'chinthu china chokhala ndi dzina. Ndipo potchula dzinalo amakumana ndi funso limene mzere umodzi uja unabisa: null imeneyi ikutanthauza kuti palibe amene wasankhidwa, kuti deta ikadali m'njira pa intaneti, kapena kuti kasitomalayo sanapereke adiresi? Yoyamba imafuna bokosi lopanda kanthu, yachiwiri kachizindikiro kodikira, yachitatu batani loti wogulitsa alembepo adiresi.