Tikiti ya msika imene mumaikana ija ndi imene imapopa chimbudzi

Dzulo ndakwera kabaza kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi kupita kumsika, mnyamata wake njira yonse akungotukwana khonsolo, eti madala anthu amenewa ndi akuba, taonani maenjewa, magetsi kulibe, mpopi wauma, ndalama zathu angodya basi. Ine ndinangoti achimwene penyani kutsogolo tingagundidwe ndi lole ya mchenga. Koma kunena zoona nyimbo imeneyi yandikwana. Ndagwira ntchito ya zachuma m'makhonsolo zaka zambiri mpaka kupuma, ndipo kulikonse ndinapita, pa bawo, pamaliro, mu minibasi ya ku Monkey Bay, nyimbo ndi yomweyi.

Sindikuti kulibe akuba, aliko, ena ndinkadya nawo nsima masana. Koma mukamaponya mwala muziona kaye galu wake ndi uti. Magetsi ndi a ESCOM. Madzi a m'mipopi kuno ndi a Southern Region Water Board. Msewu waukulu wochokera ku Liwonde, wopita ku Monkey Bay, wokwera phiri kupita ku Namwera ndi Chiponde, imeneyo ndi ya Roads Authority, khonsolo ikhoza kungolemba kalata ngati mmene mungalembere inuyo. VAT imene mumadula pogula shuga imapita ku MRA, sidutsa pa ofesi ya khonsolo ayi. Ndiye pa zinthu zinayi zimene mnyamata uja anatchula, mwina chimodzi chokha ndi chimene akanapita nacho kwa khansala wake, tiyerekeze ka msewu kafumbi kolowa m'malokeshoni kamene kamasanduka dziwe mvula ikagwa.

Komanso kuno ku Mangochi makhonsolo ndi awiri, anthu amasakaniza daily. Pali ya tauni, imene imaona za pa boma pano, zinyalala, ngalande, misika ya mtauni, mapulani a nyumba, malaisensi a mashopu. Ndiye pali ya boma lonse, imene mkulu wake wa ogwira ntchito ndi DC, imeneyo ndi ya kuyambira ku Makanjira mpaka kwa Nankumba, kwa Katuli, kwa Chimwala konse, anthu opitirira 1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo sukulu za pulaimale, zipatala, alangizi a zaulimi zili mmenemo. Munthu amabwera ndi nkhani ya mjigo wa kwa Jalasi ku ofesi ya tauni, akauzidwa kuti si kuno ayi amatuluka akuti andikaniza, akufuna ndiwapatse kangachepe. Sanakukanizeni bambo, mwagogoda nyumba ya eni.

Tsono nkhani yeniyeni imene ndikufuna muimve ndi ya ndalama. Anthu amaganiza kuti khonsolo ili ndi mphika umodzi waukulu, DC kapena meya ali ndi chipande, amangogawa kumene mtima wake wakonda. Ayi. Ndalama zimabwera m'timiphika tosiyanasiyana ndipo kalikonse kali ndi dzina lake pa chivundikiro. Zochokera ku Lilongwe zimadutsa ku National Local Government Finance Committee, zimafika zitalembedwa kale kuti izi ndi za umoyo, izi za maphunziro, izi za ulimi, izi za chitukuko. Nthawi imene ndinkagwira ntchito, CDF, ya chitukuko cha mdera la phungu, inali pa yokha, DDF, ya chitukuko cha boma lonse, inali pa yokha, za pulojekiti ya World Bank yotchedwa GESD nazonso zinali ndi malamulo ake ndipo zinkatengera mmene khonsolo yakhozera pa kuunika kwa chaka ndi chaka. Ukatenga ya choko nkugulira dizilo wa thirakitala ya zinyalala, olo cholinga chako chikhale chabwino bwanji, ma odita akabwera ndiwe wakuba. Ndipo zimachedwa, mwezi wa mawa umatha kulandira za mwezi wathawu, nthawi zina zoperewera.

Ndalama imene khonsolo imatha kuigwiritsa ntchito momasukako ndi imene yatolera yokha. Matikiti a msika, a pa depoti, malaisensi, ma rates a nyumba ndi mapuloti mtauni, zolipira pa mapulani. Imeneyi ndi imene imalipira osesa, alonda, imagula matsache, mawilibala, kolorini, ndi imene imaitana galimoto yopopa chimbudzi chikadzaza. Palibe mzungu amene amatumiza ndalama yoti mupopere chimbudzi cha pa msika wanu, iwalani zimenezo.

Apa ndi pamene pali nkhani imene mpaka lero imandisowetsa tulo.

Unali msika wina wa mmbali mwa nyanja, dzina lake ndi la khonsolo yake sinditchula. Msika wa nsomba weniweni, mmawa mabwato akamakocheza pamakhala ngati pa chisankho, amayi ndi mabeseni a usipa, utaka pa thandala, ogula ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe, a mandasi, a tiyi, a chipisi. Koma mabuku a matikiti akabwera ku ofesi, msika umenewu unkaoneka ngati ka msika ka pansi pa mtengo, anthu ochepa zedi. Chimene chinkachitika mukuchidziwa nokha, musanamizire. Wodula matikiti akafika pa benchi amati amayi ingondipatsani theka tikiti isiyeni, amayi nawo amaona ngati apulumutsa ya sopo, onse awiri akusekerera. Tsiku ndi tsiku, chaka chonse.

Panali mayi wina wa mu komiti ya msikawo, wamkulu ndithu, wovala mpango wake bwinobwino, ankabwera ku ofesi ndi ka kope ka ana a sukulu kopindika mmakona momwe ankalembamo za komiti. Anabwera mwezi wa July. Anakhala pa mpando kutsogolo kwa tebulo langa nsapato atavula pakhomo ngati akulowa mu mzikiti, akuti bwana chimbudzi chathu chadzaza, china chija chinagwa ndi mvula, anthu akupita kunyanja ndi kuseri kwa mathandala, tithandizeni. Ine ndinatsegula faelo, ndinawaonetsa manambala, ndikuti mayi taonani msika wanu ndalama imene umabweretsa, olo kupopa kamodzi sikukwana, komanso mwabwera mochedwa bajeti inadutsa kale, chaka cha boma chinayamba pa 1 April, za chimbudzi chatsopano tidzaziika chaka cha mawa mukadzera ku VDC ndi ADC, makomiti aja a chitukuko a mmudzi ndi a dera la mfumu yaikulu. Zonse zimene ndinanenazo zinali zoona, palibe bodza ndi limodzi lomwe. Mayi aja anangoti zikomo bwana, anapinda kope lawo nkuliika m'chitenje, anavala nsapato, ulendo.

Chinali chaka cha 2022. Kolera inali itayamba kale ku Machinga mwezi wa March, ndipo amene munali kuno mukukumbuka mmene inatikwapulira m'maboma a mmbali mwa nyanja kumapeto kwa chakacho mpaka 2023, matenti pa zipatala, fungo la kolorini paliponse, maliro oikidwa mwachangu opanda kusambitsa mwa mwambo wathu. Msika uja sinaulambalale. Mdzukulu wa mayi aja, kamtsikana kamene kankawathandiza kuyanika usipa kakaweruka ku sukulu, kanapita. Sindinganene kuti kanaitenga pa chimbudzi chija, ine si dokotala, madzi a kunyanja anthu amamwa paliponse. Koma chimene chimandiluma ndi ichi, manambala aja ndinkawaona mwezi ndi mwezi ndipo ndinkadziwa mumtima kuti msika wa nsomba sungabweretse ndalama yochepa choncho. Ndikanakwera njinga yamoto tsiku limodzi lokha mmamawa nkukawerenga mabeseni ndi maso anga, wodula matikiti uja akanagwidwa kale, ndalama yopopera ikanapezeka mkati mwa chaka momwemo osadikira bajeti ina. Ndinasankha kukhulupirira pepala chifukwa pepala silituluka thukuta. Ndalama yopopera inadzapezeka kolera itafika, mwachangu, mmasiku atatu okha. Ndiye kuti inalipo penapake eti.

Ndiye mukandiona ndikukalipa pa nkhani ya tikiti musadabwe. Theka limene mumapulumutsalo simunapulumutse, mwangochotsa dzina la msika wanu m'buku. Pa nthawi ya bajeti makhansala samabwera kudzaona kuchuluka kwa anthu pa mchenga, amaona pepala limene ife a zachuma tawapatsa, msika wooneka waung'ono pa pepala umalandira zazing'ono, shedi imapita kwina, chimbudzi chimapita kwina. Landirani tikiti, onani kuti ili ndi nambala, ili ndi dzina la khonsolo, deti lake ndi la lero osati la dzana, chifukwa pali kachinyengo kena kotolera matikiti otayidwa pansi nkuwagulitsanso mawa lake. Mukamaliza ing'ambeni kapena pitani nayo kunyumba. A komiti ya msika, sungani kope lanu lowerenga anthu amene agulitsa tsiku limenelo, kutha kwa mwezi mukafunse ku ofesi kuti msika wathu mwalemba zingati. Ndi ufulu wanu, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, wina asakuopsezeni ndi tayi.

Za kuchedwa nazo. Amalawi timakonda kudandaula nyumba itapsa kale. Zofuna za mudzi zimayambira ku VDC, zimakwera ku ADC kwa mfumu yaikulu, kenako zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma, ndipo bajeti imakonzedwa miyezi ya dzinja ija chaka cha boma chisanayambe mu April. Nthawi yokangana ndi imeneyo, pamene aliyense ali kumunda kapena akuti msonkhano wopanda alawansi ine ayi. Mukabwera mu July ndi nkhani ya mlatho mudzamva zomwe ndinawauza mayi aja, ndipo wokuuzaniyo sadzakhala akunama. Msonkhano wa khonsolo yonse ndi wotseguka, munthu wamba akhoza kulowa nkukhala kumbuyo kumvetsera, koma zaka zonse zimene ndinagwira ntchito mipando ya kumbuyo ija inkakhala atolankhani awiri ndi madalaivala odikira mabwana awo. Paja dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, mwina tinazolowera kuti zinthu zimangogwa kuchokera kumwamba, ngakhale lamulo la maboma aang'ono la 1998 linanena kale kuti mphamvu zipite kwa anthu.

Khansala nayenso mumamulakwira. Ntchito yake ndi kuvomereza bajeti, kupanga malamulo a mdera, kulondola ngati kontilakitala wamangadi buloko ya sukulu ndi simenti yokwanira. Inu mumamufuna pa bokosi la maliro, pa fizi, pa thiransipoti ya ku chipatala, ndiye munthu amene amalandira ka alawansi chabe ndalama zimenezo azitenga kuti? Akayamba kugwirizana ndi makontilakitala mudzati ndi wakuba, chonsecho munamukankhira ndinu. Mafumu amakhala nawo mu khonsolo koma savota, choncho kukawasiyira nkhuku agogo kuti akakankhe pulojekiti ndi kungotaya nkhuku.

Koma amene amandinyansa kuposa onse ndi madobadoba. Anyamata ovala bwino aja oima pa geti ndi envulopu ya khaki kukhwapa, akakuonani mukuyang'anayang'ana amati madala mukufuna laisensi, puloti, benchi ya mu msika watsopano, ine ndimadziwana ndi abwana mkatimo tingopanga fasti. Ena amafika mpaka pa shopu panu ndi ka ID kopachika mkhosi kotembenuza, akuti tikutseka lero pokhapokha mutiganizire. Ndaonapo bambo wina atabwera kuchokera ku Joni, ndalama za zaka zingapo akugwira ntchito mminda ya azungu, anagula puloti kwa dobadoba mmbali mwa Shire, mapepala a chidindo chooneka bwino kwabasi, anamanga mpaka pa windo, kenako nkumva kuti malowo ndi osaloledwa kumangapo ndipo chidindocho chinasemedwa kuseri kwa msika. Analira ngati mwana mu ofesi, ife tikanatani, dzina lake silinali m'buku lililonse. Ndipo amene munaona mmene nyanja ndi Shire zinakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, mukudziwa kuti amene amakaniza kumanga mphepete mwa madzi si nkhanza chabe.

Ndalama ya khonsolo imalipiridwa kwa kashiya pa windo kapena ku banki mu akaunti ya dzina la khonsolo, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, olo munthuyo mumapemphera naye limodzi, olo ndi wa mkati momwemo. Lisiti yake ikhale yosindikizidwa, ya nambala. Pulani ya nyumba ipite isanakumbidwe fandeshoni, osati mutafika pa lintala ndiye muziti bwana tithandizeni tawononga kale zambiri. Wogwira ntchito akakuuzani kuti faelo yanu ikufuna mafuta kuti iyende, funsani dzina lake, lembani tsiku, pitani kwa mkulu wake, zikakanika ku ACB kapena kwa Ombudsman. Ndikudziwa mudzati akadzandizindikira adzandikhomerera, mwina, koma amene analipira mwakachetechete ndi amene ndinkawaona akubweranso kachiwiri ndi kachitatu kudzalipira chinthu chomwecho.

Mayi a kope aja ndinakumana nawo chaka chatha pa depoti akukweza matumba a usipa. Anandizindikira ndi iwowo, anagwada pang'ono nkundipatsa moni, bwana muli bwanji, kunyumba ali bwanji. Za mdzukulu sanatchule, nanenso pakamwa panauma. Anangondiuza kuti chimbudzi anamanga cha zitseko zinayi, ndipo masiku ano wodula matikiti akamazungulira iwo amayenda pambuyo pake ndi kope lija.