Zida za kwa dokotala wa mano sizingopukutidwa ayi

Ndatopa nazo zomamva zakuti kwa dokotala wa mano amangopukuta chida n'kuchilowetsanso m'kamwa mwa wina, ati ndiye kotengera HIV. Zaka ndi zaka, nkhani yake yomweyi.

Zipatala za mano zamakono zimakhala ndi malo apadera oyeretsera zida. Chida chikagwira ntchito chimatsukidwa, n'kumatidwa m'kathumba, kenako chimalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 121 kapena 134. HIV singapulumuke pamenepo. Singano ndi magolovesi amataya akangogwiritsa ntchito kamodzi.

Mukakhala pampando paja, kathumbako akang'ambe inu mukuona, ndipo kachizindikiro ka pakathumbako, kosonyeza kuti kadutsa mu autoclave, kakhale katasintha mtundu. Mukakayika afunseni adokotala, si mwano. Koma zomwe simunatsimikize, chonde musamazimwaze m'magulu a pafoni.