Kuwawa kwa m'chiuno pa mimba si kulodzedwa

Kuno ku Mangochi, mayi woyembekezera akayamba kutsimphina, amvekere wamulodza mkazi mnzake. Bodza limenelo. Kawirikawiri ndi mwana amene akulemera, komanso thupi limafewetsa mfundo za m'chiuno pokonzekera kubereka.

Koma alipo amayi ena omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chimasokonekera n'kumaundanitsa magazi, matenda otchedwa antiphospholipid syndrome. Magazi akalephera kufika kumutu kwa fupa la ntchafu, fupalo limayamba kufa, ululu wake wobaya m'mphechepeche, mpaka kukanika kutsika kunyanja ndi ndowa. Mphini sizingatsegule mtsempha wotsekeka, ndipo kwa amene akubayidwa heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kutemera kumangotayitsa magazi.

Ngati munapitapo padera kangapo, kapena mwendo umodzi watupa, zomwe zingakhale zizindikiro za matendawa, kaneneni kusikelo msanga, musadikire tsiku lomwe anakulemberani.