Matenda a Parkinson akayamba kukhudza maganizo: uthenga kwa amene akudwazika amuna kapena akazi awo

Matenda a Parkinson amabwera maselo a mu ubongo opanga dopamine, chinthu chothandiza kuti thupi liziyenda bwino, akamafa pang'onopang'ono. Dzanja limanjenjemera munthu atangokhala, thupi limauma, mapazi amakhwekhwereza pansi. Sapatsirana, ndipo si kulodzedwa. Mankhwala ochiziratu palibe, koma a levodopa amathandiza kwa zaka zambiri.

Chimene chimasowetsa tulo apabanja ambiri n'chakuti: kodi adzafika pondiiwala? Matendawa sathamanga mofanana mwa aliyense. Kawirikawiri chimayamba n'kuchedwa kuganiza. Mwafunsa, yankho likubwera mochedwa. Bambo amene ankawerengera okha ndalama za feteleza akusokonekera pakatikati. Adikireni, musawayankhire. Nkhope ikaoneka youma ndipo mawu atsika, musaganize kuti akwiya kapena sakumva. Ndi minofu chabe.

Pakapita zaka, ena amafika poiwala kwambiri, ena amaona anthu kapena nyama zimene palibe, makamaka chisisira chikagwa. Apa ndi pamene m'mudzi mumayamba manong'onong'o a ufiti, ndipo agogo ena azunzidwapo popanda mlandu. Ndi ubongo umene ukudwala. Musakangane nawo kuti akunama. Yatsani nyali, akhazikeni mtima pansi, kenako mukawafotokozere adokotala.

Koma ngati dzulo anali bwino, lero asokonezeka mutu, musati matenda akula. Nthawi zambiri chimakhala china chochizika: malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kudzimbidwa kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Pitani nawo tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, kapena ku Zomba Central Hospital.

Tengani buku lakuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Benzhexol, amene ena amawadziwa kuti Artane, amachepetsa kunjenjemera koma amatha kusokoneza mutu wa munthu wachikulire. Haloperidol ndi chlorpromazine (mankhwala a matenda a maganizo) komanso metoclopramide (oletsa kusanza) amawonjezera kuuma kwa thupi, choncho aliyense wolemba mankhwala adziwe kuti wodwalayu ali ndi Parkinson. Levodopa asasiyidwe mwadzidzidzi. Katengeni ena, akalewo asanathe.

Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, pamalo osatsetsereka, kumathandiza. Kukhumudwa ndi nkhawa zimagwira wodwala, zimagwiranso inu amene mukudwazika. Zimachizika, ndipo akatswiri ake tili nawo konkuno ku Zomba Mental Hospital. Gawanani masiku ndi ana, abale kapena akumpingo kuti nanunso muzigona mokwanira.