Mwana wodwala asapite kusukulu: uthenga kwa makolo a mu Blantyre

Sukulu zikamatsegulidwa mvula ili mkati, ife alangizi a zaumoyo mtima sukhala m'malo. Pa WhatsApp payambanso kuyenda mphekesera ija yakuti mukangouza aphunzitsi kuti mwana akutsegula m'mimba kapena akutsokomola, aboma abwera kudzatseka sukulu yonse ngati mu 2020. Ndiye mwana amadzuka thupi lili moto, amayi ake n'kumumwetsa Panado, kumuveka yunifolomu, kumuuza kuti akangokhala phee m'kalasi. Makolo anzanga, khalidwe limeneli ndi limene landilembetsa uthengawu.

Mantha anuwo ndikuwamvetsa. Sukulu zathu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, odwala Covid-19 oyamba asanapezeke n'komwe, pakuti iwo anapezeka pa 2 Epulo. Olemba mayeso anabwerera m'kalasi pa 7 Seputembala, ena onse mu Okutobala, ndipo mu Januwale 2021 zinatsekedwanso. Kafukufuku wa boma anapeza kuti pa miyezi imene ana anakhala pakhomo mu 2020, atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi masabata awiri, ndipo mliri umenewo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Palibe mlangizi amene akufuna kuonanso zipata za sukulu zili ndi loko.

Koma taonani mmene anzathu a m'mayiko ena anachitira pa nthawi ya Covid-19. Ku Uganda anatseka mu Malichi 2020 n'kudzatsegula zonse pa 10 Januwale 2022, pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ana ambiri sanabwererenso. Ku Kenya ana ambiri anabwerera mu Januwale 2021. A Tanzania, oyandikana nawo mpanda, pofika kumapeto kwa Juni 2020 anali atatsegula. Ku South Africa ana ankapita mosinthana masiku mpaka Febuluwale 2022. Ku Sweden sukulu za ana aang'ono sanazitseke mliri utangoyamba, pamene ku Denmark anatseka mwezi umodzi n'kutsegula pa 15 Epulo 2020, kuyambira ang'onoang'ono. Kumeneko anawagawa m'timagulu, madesiki anawatalikitsa, maphunziro ambiri ankachitira panja, makolo ankasiya ana pageti, ndipo kusamba m'manja kunali kangapo tsiku lisanathe.

Ena mwa inu mumati, “Si uko ku Sweden sanatseke, ndiye vuto lili pati?” Nkhaniyo mwaimva theka. Ku Sweden komweko malangizo anali akuti aliyense amene wayamba ngakhale kachimfine akhale kunyumba. Ku Denmark chimodzimodzi. Mayikowa anasiyana pa nkhani ya masiki, anasiyana pa tsiku lotsegulira, koma pa nkhani ya mwana wodwala ankalankhula chimodzi. Kunena zoona, zambiri za ku Denmark ife sitingazikwanitse. Sitandade 1 ya ku Ndirande kapena ku Bangwe ikhoza kukhala ndi ana oposa 100 atakhala pansi mapewa atagundana, mphunzitsi mmodzi. Timagulu ta ana khumi tikatipezera zipinda kuti? Chimene tingatengereko n'chimene sichilira ndalama: wodwala asapite.

Zoyambitsa matendawa mukuzidziwa, sindichedwapo. Covid-19 ndi chimfine zimayenda mumpweya munthu akatsokomola, kuyetsemula kapena kulankhula m'chipinda chotseka mawindo. Kolera imabwera ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Tsopano muganizire mwana wanu uja mwamumwetsa Panado. Panado watsitsa kutentha kwa thupi basi, tizilombo akadali nato. Akatsokomolera mnzake wa pambali. Akathamangira kuchimbudzi chimene akugwiritsa ntchito ana mazana, akapeza ndowa ilibe sopo, akabwera n'kunyemera mnzake mandasi, botolo la madzi n'kumwerana anthu anayi. Pofika Lachisanu odwala ali khumi m'kalasi imodzi, ndipo apa mpamene akuluakulu amayamba kukamba zotseka. Mwana mmodzi amene wanenedwa msanga satsekesa sukulu. Timangomuthandiza, n'kupita kukathira klorini kuchimbudzi ndi kukaona madzi amene ana akumwa. Kubisa kumene mukuyesa kuti kukuteteza sukulu ndi kumene kumaitsekesa.

Ndinalandirapo mayi wina ataberekera kumbuyo mtsikana wa Sitandade 4, miyendo ikulendewera. Anayamba kutsegula usiku, m'mawa anamutumiza kusukulu chifukwa kunali mayeso a masamu, anzake ndi amene anamubweretsa kunyumba atamugwirizira. Maso anali atalowa, milomo itauma, nditatsina khungu la pamimba linangotsala chiimire osabwerera. Dilipi anamupulumutsa, koma mtsempha anachita kuufunafuna. Mayesowo sanalembe n'komwe.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, makamaka chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, kaya akusanza kaya ayi, muyambe kumumwetsa Thanzi ORS pomwepo. Paketi imodzi musungunule mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Ngati Thanzi mulibe, mu lita yomweyo ikanimo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono muli m'njira yopita kuchipatala. Musadikire kuti kuche. Musadikire bambo ake abwere kuchokera kuntchito ku Limbe, muwaimbira muli pa kabaza. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa, ndipo Flagyl kapena Bactrim wogula pa okala sabwezeretsa madzi amene atuluka m'thupi. Kuchipatala cha boma chithandizo cha kolera ndi chaulere.

Ngati ndi chifuwa, kutentha thupi ndi mphuno zotuluka mamina, akhale pakhomo, mawindo otsegula, atalikirane ndi agogo komanso aliyense wodwala shuga kapena BP. Kutentha thupi kukhozanso kukhala malungo, choncho akayezedwe tsiku lomwelo, osaganizira. Akamabanika, akamapuma mothamanga, akamakomoka kapena kukana kumwa, thamangani naye. Ngati mwasowa chochita, imbani 929 ku Chipatala cha pa Foni, simulipira.

Kwa aphunzitsi ndi ahedi pempho langa n'lakuti mwana amene wajomba chifukwa chodwala musamupatse chibalo, ndipo mayeso amene waphonya mumulembetse akachira. Makolo ambiri akubisa matenda chifukwa choopa zimenezi. Ndowa ya pakhomo la kalasi ikhale ndi madzi ndi sopo tsiku lililonse, osati pokhapokha kukamabwera alendo ochokera ku ofesi. Mawindo azitsegulidwa ngakhale kukuzizira. Ana awiri kapena atatu a kalasi imodzi akayamba kutsegula m'mimba, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kapena chipatala chapafupi tsiku lomwelo, osadikira msonkhano wa komiti.

Ndipo inu mayi, mawa m'mawa musanamuveke yunifolomu, mugwireni pachipumi, mufunseni kuti usiku wapita kangati kuchimbudzi. Ngati yankho lake silikukusangalatsani, mutumeni mnzake wa pafupi akauze aphunzitsi kuti lero sabwera, inu mutenge buku lake la kuchipatala.