Chimene chinagwetsa Malawi Savings Bank

Mkangano wa phindu lalikulu limene mabanki akupeza pobwereketsa ndalama kuboma wakumbutsa anthu ena kuno ku Mangochi za Malawi Savings Bank (MSB), banki ya boma imene inachokera ku nthambi yosungitsa ndalama ya positi ofesi, ndipo inagulitsidwa kwa kampani ya mabanki ya FDH mu 2015.

Ambiri amaloza chala chaka chimenecho, koma mpira unatembenuka pa 7 Meyi 2012. Tsiku limenelo kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Makampani amene anali ndi ngongole zakunja anathamangira kukatapa makwacha awo kuti agule madola, mabanki ena anauma, mpaka Reserve Bank inayamba kuwabwereketsa popanda chikole. Chiwongola dzanja chinakwera. Apa ndi pamene vuto la banki imodzi limasanduka la onse, chifukwa mabanki amabwerekana ndalama tsiku ndi tsiku. Ina ikalephera kubweza m'mawa, inzake imasowa chopatsa makasitomala masana.

MSB inalowa m'mphepo imeneyi ili kale ndi bala. Gawo lalikulu la ngongole zimene inapereka linali m'manja mwa makampani ochepa, ndipo sizinkabwezedwa. Ngongole ikafa, banki imaichotsera pa mpamba wake, mpamba n'kumachepa. Kenaka mu Januwale 2014 malamulo oyendetsera mabanki otchedwa Basel II anayamba kugwira ntchito, ofuna mpamba wolingana ndi kuopsa kwa ngongole zimene banki yapereka.

Pa zotsatirazo anthu amasiyana. Boma linkati linalibe ndalama zoonjezera mpamba, choncho kugulitsa kunateteza osunga ndalama. Aphungu ambiri ankati mtengo unachepa. Mfundo ya boma ili ndi mutu ndithu, koma siyankha chifukwa chake ngongole zowola pafupifupi K6 biliyoni zinasenzedwa ndi okhoma misonkho. Mayi wogulitsa usipa ku Makawa, amene akachedwa ndi ngongole yaing'ono amalandidwa katundu, analipira nawo.

Banki ina, Indebank, nayo inagulitsidwa kwa National Bank mu 2015 momwemo.

Lero mabanki ali ndi mpamba wokulirapo, koma wobwereka wamkulu ndi mmodzi, boma, ndipo kwacha inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Boma litachedwa kubweza, mabanki onse angadwale tsiku limodzi, kuphatikizapo nthambi za pa boma pano zimene mabanja amalandirirako ndalama zochokera ku Joni.